Kamwala Kotsala M'thumba la a Malikebu

Sunthirani kuno, nkhuni zikadalipo. Nkhani iyi si ya kalekale ayi, ndipo eni ake akali moyo, kupatula mmodzi amene mumumve posachedwapa.

Ku Thyolo, pa esiteti ya tiyi ya Nakalanje, pali bwalo la kiriketi limene azungu anasiya. Ambirinu kiriketi simuidziwa, ndipo sindikukudzudzulani. Ndi masewero a anthu opirira, oti munthu wamkulu ndi ndevu zake n'kuyima padzuwa tsiku lonse kudikira kampira kofiira, kolimba ngati mwala. Zoti mudziwe ndi zochepa chabe. Wina amaponya mpira kulunjika pa zikhomo zitatu zimene pamwamba pake pamakhala timitengo tiwiri, ndipo wina amayima patsogolo pa zikhomozo ndi thabwa lomenyera lotchedwa bati. Woponya akaponya kasanu ndi kamodzi, woyimbira amati yatha. Koma mpira ukadutsa kutali, poti womenya sangaufikire, woyimbira amatambasula manja onse awiri, mpirawo suwerengedwa, ndipo amaponyanso. Chimenechi muchigwiritsitse.

Woyimbira wa pa Nakalanje anali a Malikebu, omwenso ankatchetcha ndi kusalaza bwalolo. Powerenga mipira sankadalira mutu. Anali ndi timiyala tisanu ndi kamodzi ta kumtsinje m'thumba lakumanzere la jekete, ndipo mpira ukaponyedwa, ankasamutsira kamwala kamodzi m'thumba lakumanja. Ana awo awiri, Fesitoni ndi mlongo wake Zaithwa, anakulira pabwalo pomwepo. Fesitoni ankamenya, Zaithwa ankaponya.

Tsiku lotsatira Khirisimasi, zaka zisanu ndi chimodzi nkhani yathuyi isanachitike, panali masewero a chaka ndi chaka a antchito a m'fakitale ndi a kumunda. Fesitoni ndiye anali ndi bati. Mipira isanu itaponyedwa, mphezi inang'anima kumwamba kopanda mvula, ndipo mnyamatayo anagwa chafufumimba, osadzukanso. Anthu anabalalika, a Malikebu ananyamula mwana wawo, ndipo kuyambira tsikulo palibe anaseweranso pamenepo. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Zaithwa anakula, napita kukoleji ku Lilongwe, ndipo kumeneko anatchuka ndi dzanja lake. Anzake a m'timu ankamuseka kuti mpira wake sudziwa kukhota, umangolunjika ngati munthu wothamangira kuchimbudzi. Matchuthi a Khirisimasi ambiri ankakathera kwa azakhali ake ku Zomba, chifukwa amayi ake ankapeza zifukwa zoti asabwere kumudzi m'mwezi umenewo. Koma chaka chimenechi abambo ake anamuyimbira okha foni, chinthu chimene sanachitepo.

"Ubwere kuno chaka chino," anatero. "Ndipo ubwere ndi mpira."

Zaithwa anakondwera, chifukwa ankawakonda abambo ake, ndipo anaganiza kuti mwina chisoni chawo chayamba kuphwa. Anagula mpira watsopano, naukulunga m'sokosi, naukankhira pansi pa chikwama.

Ulendo wa pa Khirisimasi mukuudziwa. Basi ya ku Lilongwe inadzaza mpaka m'kanjira, wina ali ndi nkhuku, wina matilesi, wina mwana wa eni ake pamiyendo. Ku Limbe anakwera minibasi imene kondakitala wake ankalumbira kuti ikunyamuka pompano kwa ola lathunthu. Pamene ankatsika pa siteji ya ku esiteti, dzuwa linali litapendeka, ndipo nkhungu inali itayamba kutsika m'phiri. Anakwera kabaza. Mkulu wa kabazayo anali wolongolola, anamuuza za mitengo ya feteleza ndi za mkazi wake amene anapita kwawo, koma atafika pamphambano pa mabulugamu anamanga mabuleki n'kutsitsa mwendo.

"Achemwali, ine ndilekezera pano."

"Koma kwathu n'kuseri kwa bwaloko. Si patali."

"Ndikudziwa kwanu. Ndinu mwana wa a Malikebu." Anayang'ana chikwama chake osati nkhope yake. "Mwezi uno njira ya kubwalo sitidutsa. Mundikhululukire."

Anatembenuza njinga, ndipo Zaithwa anatsala yekha ndi chikwama chake pakati pa tiyi. Anayamba kuyenda. Njira inali yamatope ofiira, oterera, ndipo nkhungu inkabisa chilichonse chopitirira mapazi makumi awiri. Atayenda pang'ono anazindikira kuti patsogolo pake pali munthu. Ankangomuona msana, kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, chifukwa njira inkakhotakhota ndipo tiyi ankabisa miyendo. Munthuyo anavala zoyera, zoyera mbuu, m'nyengo yoti ngakhale abusa amafika kutchalitchi ndi matope m'maondo. Ankakoka chinthu pansi, chimene chinkalira kwee, kwee, pa timiyala ta m'njira.

Zaithwa anafulumira kuti apeze mnzake wa paulendo, koma mtunda wa pakati pawo sunachepe. Anachepetsa liwiro, mtunda sunakule. Anapereka moni, osayankhidwa. Atayandikira pamene tiyi amathera ndipo udzu wa bwalo umayambira, anamva mawu apansipansi, ngati a munthu amene wayima nthawi yaitali osamwa madzi.

"Wautenga?"

Zaithwa anayima. Atayang'anitsitsa, patsogolo panali nkhungu yokha. Anadziuza kuti ndi mlonda wa esiteti, kapena woledzera amene wayamba Khirisimasi msanga, koma miyendo yake sinakhulupirire zimenezo, ndipo anafika pakhomo ali wefuwefu.

Amayi ake anamulandira, koma chimwemwe chawo chinali ndi mantha mkati. Abambo ake anali pampando pakhonde, atavala jekete lomwe lija. Zaithwa atawaona mtima wake unasweka. Munthu amene ankakankha chigudumu chosalazira bwalo pamodzi ndi anyamata anali atatha, khosi ngati la nkhuku, ndipo dzanja lamanzere linali lende, lakufa. Pafoni ankangomuuza kuti akudwaladwala.

Abambowo anati, "Wafika, mwanawe. Wautenga?"

Zaithwa anadziwa kuti akunena mpira. "Ndautenga, bambo."

M'mawa mwake anapita kukaona bwalo. Udzu wa m'mbali unali wofika m'maondo, koma pakati, pamene amaponyerapo mpira, panali posalala, pometedwa bwino. Zikhomo zitatu zinali chilili, zakuda ndi mvula ya zaka, timitengo tiwiri tili pamwamba pake. Chigudumu chachitsulo, chimene chimafuna amuna anayi, chinali kumapeto kwa bwalo, ndipo kumbuyo kwake kunali mkukuluzi watsopano, matope ake asanaume. Mayi wina wothyola tiyi ankadutsa ndi dengu kumsana, ndipo Zaithwa anamufunsa amene amasalaza bwalolo masiku ano. Mayiyo anakonza chingwe cha dengu lake, nati mvula ya chaka chino yabwera bwino, n'kupitirira.

Atabwerera kunyumba anapeza mpira uja uli pawindo. Iye anali asanamasule chikwama. Sokosi inali m'chikwama momwemo, yopindidwa bwino, koma mpirawo unali wonyowa, ndipo kambali kena kanali ndi zobiriwira za udzu. Anafunsa amayi ake. Iwo anangoutenga ndi nsonga ya chitenje, osaukhudza ndi dzanja, nauyika m'dengu la nyemba n'kuvundikira.

Tsiku la Khirisimasi linayamba ngati Khirisimasi ina iliyonse. Kutchalitchi kwaya inayimba mpaka mawu kusasa, ana anayenda monyang'wa ndi nsapato zatsopano zowathina, ndipo masana pakhomo lililonse pankanunkhira mpunga ndi nkhuku. A Malikebu anadya masipuni atatu n'kukankha mbale. Cha m'ma fayifi koloko nkhungu inatsikanso, ndipo kuchokera kubwalo kunamveka kugogoda. Kho, kho, kho. Kenako chete. Kho, kho, kho.

Zaithwa anakudziwa kugogodako. Fesitoni ankagogoda bati pansi katatu asanalandire mpira uliwonse, ndipo iye ali mwana ankamunena kuti akuitana nyerere. Anayang'ana anthu oyandikana nawo nyumba. Palibe anacheukira kubwalo. Bambo wina anakweza wailesi, mayi wina anaitana ana ake mayina onse atatu motsatizana n'kutseka chitseko. Anthu a pa Nakalanje anali ataphunzira kusamva, ndipo ankakuchita bwino. A Malikebu okha ndiwo anapendeketsa mutu, khutu lawo labwino kuloza kubwalo, nkhope yawo ikuwala ngati ya munthu amene wamva basi ya mwana wake ikuyima pamsewu.

Amayi ake anamukokera kuseri kwa nyumba, potsukira mbale, ndipo anayankhula manja ali m'madzi.

"Ndinkakubisira dala, koma tsopano wakula. Tsiku la mphezi lija abambo ako anatsala ndi kamwala kamodzi m'thumba lakumanzere. Mpaka lero kali momwemo. Chaka chilichonse, tsiku ngati la mawa, amapita kubwaloko okha, n'kuponya mpira wotsalawo."

"Ndiye bwanji sizitha?"

"Amaponyera pambali dala. Akatero amatambasula manja, mpira suwerengedwa, kamwala kabwerera m'thumba. Akuti masewero akapanda kutha, mwana wawo sachoka."

Zaithwa anatenga mbale n'kuyamba kupukuta.

"Koma sabwerako chimodzimodzi," amayi ake anapitiriza. "Chaka choyamba anabwerako khutu limodzi litagontha. Chaka china miyendo inayamba kunjenjemera. Chaka chatha tinakawatola ali gone paudzu, ozizira, dzanja litafa. Kuchipatala anati zikadzachitikanso sadzadzuka. Mwana wanga ndinamuika m'manda kamodzi, Zaithwa, koma abambo ako ndikuwaika pang'onopang'ono, chiwalo chimodzi chaka chilichonse. Ndiye poti dzanja loponyera lapita, aitana iwe."

"Ndiwakanire, amayi?"

"Ukakana apita okha, akaponya ndi dzanja linalo. Upite. Koma ukaponye molunjika, monga umaponyera kusukuluko. Mchimwene wakoyo watopa. Ndine ndinamubereka, ndimamva m'kagogodedwe kake."

Kusanade abambo ake anamuitana pakhonde, namuuza kuti akhale pafupi. Anayankhula mofatsa, monga ankachitira pomuphunzitsa kugwira mpira.

"Amayi ako akuuza, ndaona. Iwo akuti ndapenga. Koma malamulo ndimawadziwa ine, ndayimbira zaka makumi atatu. Womenya mpira amene sanatulutsidwe, masewero asanathe, akadali mkati. Fesitoni sanatuluke."

"Bambo, achimwene anamwalira. Ndinalipo pamaliro."

"Kumanda ndinapita, palibe chimene ndinamvako. Koma pabwalo paja, tsiku limenelo, ndimamumva akupuma. Ali apo, ine ndili apa. Kamphindi kochepa pachaka, mwanawe. Ukufuna undilande kameneko?" Anamugwira dzanja. "Ukaponye pambali. Kamodzi kokha, tibwerere kunyumba. Sindinakupemphepo kanthu."

Zinali zoona, sanamupemphepo kanthu. Anamulipirira sukulu ndi chikwakwa chotchetchera, ndipo pamene anthu ankati mtsikana saponya mpira wa amuna, iwo ndiwo ankamuyimikira zikhomo. Zaithwa anagona ndi mawu awiri m'mutu, a mayi ndi a bambo, ndipo onse awiri anali a chikondi. Ndicho chinkamupweteka.

Tsiku lija linacha lopanda dzuwa. Cha m'ma fili koloko masana, ola limene mphezi inagwa, a Malikebu anavala chipewa chawo choyera, napisa dzanja m'dengu la nyemba ngati anachita kuona pamene mpira unabisidwa. Anayenda pang'onopang'ono, Zaithwa ali pambali, amayi ake akutsatira patali. M'makomo monse zitseko zinali zotseka, ngakhale agalu sanatuluke. Amayi ake anayima pamalire a tiyi ndi udzu, osapondamo.

A Malikebu anayima pamalo a woyimbira. Zaithwa anawerenga mapazi ake kubwerera m'mbuyo, natembenuka. Nkhungu inali yochindikala kotero kuti zikhomo zinkangooneka ngati mithunzi itatu. Patsogolo pake panali malo amene nkhunguyo inali yoyera kuposa pena ponse, otalika ngati munthu. Sanafune kuyang'anitsitsa.

Kho, kho, kho.

Kenako anamva kupuma. Anamva ndi kakhosomo kaja kamene Fesitoni ankakhosomola akamadikira, ndipo fungo la mafuta amene ankapaka bati yake linamufika m'mphuno. Pomwepo anawamvetsa abambo ake. Uyu anali mchimwene wake amene ankamubereka kumsana powoloka mtsinje, ali pomwepo, mapazi makumi awiri okha. Ndani angathamangitse munthu wotero? Anathamanga, dzanja linazungulira, ndipo zala zake zinachita zimene mtima unafuna. Mpira unadutsa kutali, pambali.

A Malikebu anakweza dzanja lamanja. Lamanzere linakana. Anayesa kulikweza ndi phewa, thupi lonse likunjenjemera, ndipo akuyesa choncho maondo anapinda, nagwada paudzu. Zaithwa anaona nkhope yawo ikutuwa ngati phulusa, milomo ikupotokera mbali imodzi, komabe akumwetulira. Ndipo kuchokera kuzikhomo kunabwera mpweya wautali, wa munthu amene wasenza katundu kuyambira m'mawa ndipo wauzidwa kuti ulendo ukadalipo. Sikunali kukwiya. Kunali kutopa kokhakokha.

Mpira unatuluka m'nkhungu ukugubuduzika pang'onopang'ono, nudzayima pa phazi la Zaithwa.

"Basi, mwanawe," a Malikebu ananong'ona. "Wachita bwino. Tiye kunyumba."

Zaithwa anatola mpirawo. Unali wofunda, ngati wachoka m'dzanja la munthu.

"Bambo, munandiphunzitsa nokha. Mpira ukapita pambali, amaponyanso nthawi yomweyo. Sadikira chaka."

"Zaithwa."

"Imirirani, bambo. Woyimbira sagwada."

Sanadikire yankho, chifukwa akanadikira sakanatha. Anabwerera pamalo ake misozi ikutsika, napukuta mpira pa siketi. Anayang'ana poyera paja nati, "Achimwene, nawu ukubwera." Kugogoda kunamveka katatu, mwamphamvu tsopano. Anathamanga, naponya monga amaponyera Zaithwa, molunjika pa chikhomo chapakati.

Phokoso limene linamveka, anthu otseka zitseko aja amalikamba mpaka lero. Linali la bati yokumana ndi mpira pakatikati penipeni, ndipo linakagunda phiri n'kubwerera. Mpira unadutsa pamwamba pa mutu wa a Malikebu ukulira, nulowa m'nkhungu, kupitirira bwalo, kupitirira tiyi. Palibe anaumva ukugwa.

A Malikebu anali atayimirira, Zaithwa osadziwa kuti adzuka bwanji. Dzanja lawo lamanja linali pachifuwa, losasuntha.

"Werengani, bambo," anatero Zaithwa.

Anatenga nthawi. Kenako dzanja lija linadutsa pamimba, nilipisa m'thumba lakumanzere, nilitulutsa kamwala kakang'ono kosalala ndi kugwiridwagwiridwa. Anakayang'ana, nakaponya m'thumba lakumanja, ndipo kanalira pokumana ndi tinzake tisanu.

"Yatha," anatero. Mawu anatuluka osweka, ndiye anabwerezanso mokweza, monga woyimbira ayenera. "Yatha."

Anayenda okha mpaka kuzikhomo, nachotsa timitengo tiwiri tija, chimene woyimbira amachita masewero akatha. Pomwepo mvula inayamba kuwaza. Zaithwa anamva mapazi paudzu wonyowa, akuchoka pazikhomo, osafulumira. Anadutsa pafupi naye, ndipo chinthu chinamukhudza pamutu mopepuka. Mapaziwo anapitirira mpaka pamene panayima amayi ake, nayima kanthawi. Amayiwo anaweramitsa mutu nati, "Pita bwino, mwanangu. Njira ukuidziwa." Kenako kwee, kwee ankamveka m'kanjira kolowera kumanda, mpaka mvula inamumeza.

A Malikebu anagona masiku awiri, akungodzuka kumwa phala. Atadzuka sanamuyankhule Zaithwa. Akalowa m'nyumba iwo ankatuluka, akawapatsa madzi ankalandira osamuyang'ana. Zinamuwawa kwambiri, ndipo anafunsa amayi ake ngati analakwa. Iwo anati, "Dzulo adya mbale yonse, ndipo andikalipira kuti ndiwo zachepa mchere. Zaka zisanu ndi chimodzi sanadziwe ngati m'ndiwo muli mchere. Asiye akwiye, okwiya ndi amoyo."

Madzulo aliwonse mkuluyo ankakhalabe pakhonde, khutu kuloza kubwalo, koma kunkangomveka achule. Chigudumu chinakhala pamene chinali, udzu n'kuyamba kumera mozungulira.

Tsiku lobwerera kukoleji Zaithwa anatsanzika, abambo ake osayankha. Ananyamula chikwama nayamba ulendo. Atadutsa bwalo anamva mapazi kumbuyo, ndipo atacheuka anali abambo ake, akubwera ndi ndodo, matope ali m'maondo. Anayenda limodzi mpaka pamphambano pa mabulugamu, pamene wa kabaza uja ankadikira.

"Unaumva m'mene anaumenyera?" a Malikebu anafunsa, maso ali kuphiri.

"Ndinaumva, bambo."

"Zaka zonsezi mwana ankadikira mpira wabwino umodzi wokha. Ine n'kumamuponyera pambali."

Pamenepo analira, kulira kumene sanalire pamaliro, ndipo wa kabaza anavula chipewa n'kuyang'ana kumbali. Atatha anapukuta nkhope ndi mkono wa jekete, napisa m'thumba lakumanja, natsanulira timiyala tonse tisanu ndi kamodzi m'dzanja la mwana wawo, n'kulifumbatitsa.

"Tenga. Ukadzayimbira, uzidzawerenga bwino," anatero. "Ndipo kotsiriza kakadzakwana, usadzakasunge."

Nkhani yanga yathera pamenepa. Wina akankhire chikuni icho, moto ukuzima.